Kuwerenga, Kuonera ndi Kupondapo: Za Mabuku, Kanema ndi Malo a Nkhondo ya 1915

Mau Oyamba

Ambiri a ife amene tinaphunzira ku seminale yaing'ono ya Pius XII ku Nguludi, ndiponso amene tatumikirapo m'maparishi a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, takhala tikuyenda pa nthaka imene inamwa magazi m'mwezi wa Januwale 1915, koma kawirikawiri tadutsapo monga momwe munthu adutsira pa msika. Mbiri ya Mbusa John Chilembwe timaidziwa, pakuti tinaiphunzira ku sukulu, nkhope yake ili pa ndalama zathu kuyambira 1997, ndipo pa 15 Januwale timaonera mapemphero a ku Mbombwe pa wailesi ya kanema. Chimene sitinachizolowere ndicho kudzifunsa kuti nzeru zimenezi tinazilandira kwa yani, ndipo wotipatsayo anasiya zotani.

M'nkhani ino tifuna kuyesa pa sikelo aphunzitsi atatu amene atiphunzitsa za nkhondo: buku, kanema, ndi malo enieniwo pamene anthu anafera. Muyeso wathu ndi umodzi. Kodi mphunzitsiyo akutithandiza kukumbukira onse amene anafa, ngakhale awo amene maina ao sanalembedwe, kapena akungotisankhira ngwazi imodzi ndi mdani mmodzi? Funso limeneli likutikhudza ife Akatolika mwapadera, popeza zina mwa nyumba zimene zinapsa sabata imeneyo zinali zathu, ndiponso popeza akhristu ambiri amene timawalalikira m'matauni a Blantyre ndi zidzukulu za anthu a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, amene makolo ao anali mbali zonse ziwiri.

1. Zimene Zinachitika

Tiyambe ndi kukumbutsana mwachidule. John Chilembwe anapita ku America pamodzi ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira za ubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Moyandikana ndi mishoniyo munali minda yaikulu ya A. L. Bruce, imene likulu lake linali ku Magomero, ndipo woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala m'mindamo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata m'malo mwa lendi, ndipo nyumba zopemphereramo zimene otsatira a Chilembwe ankamanga m'mindamo zinkatenthedwa. Pamwamba pa zonsezi panafika nkhondo ya Azungu. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi a Germany ku Karonga, ndipo ochuluka mwa amene anafa mbali zonse ziwiri anali Aafirika. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera mkangano umene suli wao, koma boma linaitsekereza.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, magulu ake ananyamuka. Ku Magomero anapha Livingstone namudula mutu, naphanso Duncan MacCormick. Ku Mwanje anapha Robert Ferguson ndi wantchito wina wachikuda. Akazi ndi ana a Azunguwo anawatenga, koma sanawapweteke, ndipo pambuyo pake anawamasula. Gulu lina linathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala, mu Blantyre, kumene mlonda wachikuda anaomberedwa, koma linangotengako mfuti zowerengeka. Lamulungu m'mawa Chilembwe analalika mutu wa Livingstone uli poonekera. Pa 26 Januwale gulu lina linaukira mishoni ya Abambo a Montfort ku Nguludi: linapha mmodzi wa alonda, linavulaza Bambo Swelsen, ndi kuyatsa moto. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa cha ku Mulanje. Boma linapha anthu pafupifupi 40, mwa iwo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, linamanga ena pafupifupi 300, linatentha midzi, ndipo tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe linachiphulitsa ndi wonga.

Owerenga aona kale kuti m'ndime ziwirizi Azungu onse amene anafa tawatchula maina, pamene wantchito wa ku Mwanje, mlonda wa ku Mandala ndi mlonda wa ku Nguludi tawatchula ntchito zao zokha. Umu ndi momwe mbiriyi imafotokozedwera kawirikawiri, ndipo pamenepa ndi pamene tiyesere aphunzitsi athu atatu aja.

2. Mabuku Amene Timawakonda

Buku loyamba, limene ena onse aimapo, ndi Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price, losindikizidwa ku Edinburgh mu 1958. Shepperson anali atatumikira pamodzi ndi asilikali a ku Nyasaland ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Price anali katswiri wa Chinyanja. Ukulu wa buku lao uli pa kudekha. Anatola makalata, nyuzipepala ndi zolemba za mipingo ku Scotland ndi ku America, nasonyeza kuti Chilembwe sanali wamisala monga momwe atsamunda ankanenera, koma mbusa wophunzira, wolumikizana ndi mipingo ya anthu akuda a ku America, amene anayamba wadandaula mwamtendere zaka zambiri. Chofooka chake chili m'dzina lake lomwe: ndi buku la munthu mmodzi ndi maganizo ake. Ogwira thangata aja amaoneka ngati khamu loima kumbuyo kwa chithunzi.

Lachiwiri ndi la George Simeon Mwase, limene Robert Rotberg anasindikiza mu 1967 pa dzina lakuti Strike a Blow and Die. Mwase analilemba cha m'ma 1931 ndi 1932 ali m'ndende ku Zomba, kumene anamva nkhaniyi kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa amene anatenga nao mbali. Timalikonda chifukwa muli liwu la Mmalawi, lotentha ndi losabisa. Komabe tiyenera kuliwerenga mosamala. Mwase sanalipo usiku umenewo. Mau amene akuika m'kamwa mwa Chilembwe anawamva kwa wina patapita zaka 16. Ndipo kumufanizira kwake ndi John Brown wa ku America akatswiri ena akukukayikira. Bukuli ndi mboni yabwino ya momwe Amalawi ophunzira a m'ma 1930 ankafunira kukumbukira Chilembwe, ndipo chithunzi cha ngwazi yopita ku imfa modziwa, chimene timachimva m'malankhulidwe a pa 15 Januwale, chachokera makamaka mmenemu.

Lachitatu ndi lowawa kwa ife: Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, la Ian ndi Jane Linden, la mu 1974. Limationetsa Eklezia monga momwe oyandikana naye ankamuonera, akupikisana ndi mipingo ina pa masukulu ndi pa midzi. Abambo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo posakhalitsa anali ku Nguludi, pafupi ndi Mbombwe. Wansembe amene awerenga bukuli sangathenso kunena kuti moto wa pa 26 Januwale unangogwa kuchokera kumwamba pa anthu amene sanali m'nkhaniyo.

Koma buku limene tiliika patsogolo pa onse ndi Magomero, la Landeg White, la mu 1987. White anaphunzitsapo ku Chancellor College asanathamangitsidwe m'dziko muno mu 1972. Iye anasankha mudzi m'malo mwa ngwazi, nautsata kuyambira 1859 mpaka 1985: kufika kwa Episkopi Mackenzie mu 1861, malonda a akapolo, njala, kubwera kwa Alomwe, thonje, fodya, msonkho ndi thangata. Anamvera amai ndi nkhalamba za m'midzi pamodzi ndi kuwerenga za m'mabokosi a boma. M'buku limeneli imfa ya Livingstone ndi usiku umodzi pakati pa zaka zoposa 120 za mkangano wa nthaka, ndipo Livingstone yemweyo akuoneka munthu wankhanza amene nayenso ankapanikizidwa ndi eni minda ofuna phindu. White sachepetsa mlandu wa munthu aliyense, koma wowerenga amatseka bukuli akudziwa chimene mai wolima m'munda wa Bruce ankadya, ndi chimene ankaopa.

Tionjezepo awiri. Melvin Page, m'buku lake The Chiwaya War la mu 2000, anagwiritsa ntchito zimene iye ndi ophunzira a ku Chancellor College anamva kwa nkhalamba m'zaka za m'ma 1970. Mmenemu timamva za asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 amene dziko lino linapereka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anthu osenza katundu amene ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine. Mantha a Chilembwe m'kalata ija anakwaniritsidwa iye atafa kale. Ndipo John McCracken mu 2015 anasindikiza Voices from the Chilembwe Rising, umboni umene unaperekedwa ku bungwe lofufuza za kuukirako, kuti tidzimvere tokha mau a Aafirika ndi Azungu a nthawi imeneyo.

Mabuku onsewa ali ndi chilema chimodzi. Ali m'Chingerezi, anayamba kusindikizidwa kunja, ndipo mtengo wao mnyamata wa ku Zingwangwa sangaukwanitse. Ngakhale D. D. Phiri, amene analembera owerenga a kuno Let Us Die for Africa mu 1999, analemba m'Chingerezi. Motero buku, limene ndi mphunzitsi wosamala kwambiri, ndilonso mphunzitsi wa ophunzira ochepa kwambiri.

3. Kanema

Wailesi ya kanema inafika mochedwa m'dziko muno. Boma la Dr. Banda silinaikhazikitse, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Koma ana a m'matauni anali ataiona kale nkhondo pa galasi. Ku Ndirande, ku Zingwangwa ndi ku Bangwe kunali tinyumba ta vidiyo, tofoleredwa ndi malata akale, mmene mwana ankalipira tambala zingapo nakhala pa benchi kuonera Rambo, Commando ndi mafilimu a Chuck Norris. Pambuyo pake panabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene nthabwala zao zimachititsa kuti imfa iliyonse ithere m'phwete. Sitikuwanyoza, pakuti luso la chilankhulo ali nalo, mwina kuposa ena a ife tikaima pa guwa. Koma katekisimu wa mafilimu otere ndi wamfupi: pali munthu mmodzi amene ali ndi dzina, nkhope ndi chifukwa chomenyera nkhondo, ena onse amagwa makumimakumi, ndipo palibe mai amene amaoneka akuwalira.

Tikaonera mwambo wa pa 15 Januwale, kapena wa mu Novembala pa chipilala cha asilikali ku Zomba, timapeza katekisimu yemweyo atavala suti. Kamera imatsata akuluakulu, nkhata za maluwa ndi yunifomu. Dzina limodzi limatchulidwa kambirimbiri. Thangata limatchulidwa m'chiganizo chimodzi, popanda kufotokoza kuti munthu ankagwira bwanji ndipo ankalandira chiyani. Achinyamata ambiri amene tawafunsa amaganiza kuti kuukirako kunachitika pa 15, osati pa 23. Ife sitinaonepo kamera ikuchoka pa msasa wa alendo olemekezeka kupita ku Mwanje kapena ku Nguludi. Chifukwa chake n'chodziwika: mwambo wa dziko umafuna kumanga umodzi, ndipo umodzi umamangika msanga pa nkhope imodzi. Koma mtengo wake ndi wakuti Chilembwe amasanduka Rambo wovala kolala, ndipo mbusa amene analimbana ndi chikumbumtima chake asanatole mfuti amatayika.

Sitikunena kuti kanema sangathe kuchita bwino. Zitsanzo ziwiri za kunja zitithandize. The World at War, ndondomeko ya magawo 26 imene Thames Television inaulutsa mu 1973 ndi 1974, imayamba popanda mfuti kapena mkulu wa asilikali. Imayamba ndi misewu yopanda anthu ya Oradour-sur-Glane, mudzi wa ku France umene asilikali a SS anaphamo anthu oposa 640 pa 10 Juni 1944, amai ndi ana atawatsekera m'tchalitchi, ndipo umene boma la France linausiya bwinja dala kuti ukhale chikumbutso. Opanga ndondomekoyo anazindikira kuti woonera ayenera kuyamba waima pa malo, mwakachetechete, asanauzidwe za magulu a nkhondo. Chachiwiri chikutikhudza mwachindunji. Mu 2019 Channel 4 ya ku Britain inaulutsa kanema wotsogozedwa ndi David Lammy, wofunsa kumene kunaikidwa Aafirika amene anafera Britain pa nkhondo yoyamba. Zotsatira zake, Commonwealth War Graves Commission inafufuza, ndipo mu Epulo 2021 inavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina ao kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya chitetezo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Zimene akatswiri anali atalemba kale m'mabuku, kanema wa ora limodzi anazifikitsa pamene boma silikanathanso kukhala chete.

Tsono vuto silili m'galasimo koma m'funso limene wonyamula kamera wanyamuka nalo. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata cha Inter Mirifica cha pa 4 Disembala 1963, unapempha kuti ansembe ndi akhristu eni ake aphunzitsidwe kuweruza zimene akuonera. Patapita zaka zoposa 60, ndi angati a ife amene tinakhalapo pansi ndi achinyamata a m'mphakati kukambirana filimu imodzi ya nkhondo?

4. Ulendo

Chilimwe china tinatenga achinyamata a parishi ina ya ku Ndirande pa ulendo wa tsiku limodzi. Tisananyamuke tinawafotokozera m'Chichewa mitu ingapo ya White ndi ya Page, madzulo atatu. Tinawapempha chinthu chimodzi: pa malo alionse tiyambe takhala chete mphindi zingapo, mafoni ali m'thumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinayambira ku Mandala, pa nyumba yomangidwa mu 1882, imene ambiri a iwo ankaidutsa popita m'tauni osadziwa kuti m'chipinda chapamwamba muli nyumba ya mabuku ya Society of Malawi. Titafotokoza za mlonda uja, mtsikana wina ananena kuti bambo ake ndi mlonda wa usiku pa sitolo ina ku Limbe. Sitinaonjezepo kanthu. Buku linatipatsa liwu limodzi lakuti mlonda; mtsikanayu analipatsa nyumba, mkazi ndi ana odikira kuti kuche.

Kuchokera ku Limbe tinatsata msewu wa Midima, kudutsa ku Bangwe, mpaka pokhotera ku Nguludi. Lero pali chipatala, seminale, ndi Yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo palibe chimene chimanunkha utsi. Titatha kufotokoza za pa 26 Januwale, mnyamata wina wa m'kwaya anafunsa: "Nanga Abambo, ifeyo tinali mbali iti?" Funso limeneli kanema salifunsa, ndipo buku limalola kuti ulizembe potsegula tsamba lina. Pa malo pomwepo, anthu 30 akukuyang'ana, sungalizembe.

Tinamuyankha motere. Amene anafa poteteza Nguludi anali Mmalawi mnzathu, ndipo wansembe amene anavulazidwa anali wathu. Amene anayatsa moto nawonso anali Amalawi anzathu, ambiri a iwo obatizidwa ndi owerenga Malembo Oyera. Kupha munthu m'nyumba mwake pamaso pa mkazi wake, ndi kuika mutu wake pa malo opempherera, sitingakutche chilungamo, ngakhale wochitayo ali pa ndalama zathu. Koma pali china chimene tiyenera kuchivomereza. Bungwe lofufuza lija, m'lipoti lake la mu 1916, linaona ngozi m'mipingo imene inkapatsa Aafirika ufulu wotsogolera ndi womasulira okha Baibulo, ndipo linaona kuti kwa Akatolika ndi Aangilikani ngoziyo inali yochepa. Amene anaima pamaso pa bungwelo kuteteza ulemu wa Mwafirika, mpaka pa nkhani ya kuvulira Mzungu chipewa, anali Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre. Atsamunda anatiyamika kuti ndife osaopsa, thangata lili m'kati, ndipo thangatalo linapitirira mpaka 1962. Chiyamiko chimenecho sichiyenera kutigonetsa tulo. Panapita zaka 76 kuti Maepiskopi athu, m'kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, alankhule za malipiro a amphawi ndi za ufulu mwa njira imene boma linaiona kuti ndi yoopsa.

Ku Mbombwe, kumene sikutalikirana ndi Nguludi, tinapempha mkulu wina wa mpingo wa pomwepo kuti afotokoze yekha, ife tikhale omvera. Tchalitchi chachikulu chimene chilipo chinamangidwa Dr. Daniel Sharpe Malekebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Achinyamata anadabwa pomva kuti manda a Chilembwe sali pamenepo: boma linamuika ku Mulanje m'manda opanda chizindikiro, kuti anthu asamapiteko. Munthu amene dzina lake limadziwika ndi mwana aliyense anaikidwa mofanana ndi amtengatenga amene anawalembera kalata ija. Apa tinaonanso kuti sikelo siilingana. Mbali ina kunafa Azungu atatu ndi antchito owerengeka. Mbali inayi kunali ophedwa ndi boma, andende mazana, midzi yopsa ndi mpingo wotsekedwa zaka 11. Kukumbukira onse sikutanthauza kunena kuti onse anavutika mofanana.

Tinamaliza ku Magomero dzuwa litapendeka. Pano ndi pamene buku la White linationetsa mphamvu yake, pakuti maso paokha sakanaona zambiri koposa minda ya chimanga ndi nandolo, ing'onoing'ono, yothinana. Amene anamva mitu ija anazindikira kuti kuthinana kumeneko ndiko nkhani yomweyo ya nthaka, ndipo mnyamata wina wa ku Machinjiri ananena kuti agogo ake anachoka ku Chiradzulu kubwera m'tauni chifukwa munda unawachepera. Nkhondo ya 1915 inaleka kukhala ya pa 15 Januwale, nikhala chifukwa chimodzi chimene iye anabadwira m'nyumba ya lendi.

Mau Otsiriza

Chiweruzo chathu n'chotere. Buku limapereka zifukwa ndi ziwerengero, ndipo labwino koposa, monga la White ndi la Page, limatsikira kwa anthu wamba. Koma limafika kwa ochepa. Kanema amafika kwa onse, ndipo akafunsa funso loyenera amagwedeza ngakhale maboma. Koma kuno kwathu wazolowera kutsata nkhope imodzi. Malo sanena kanthu kwa munthu wosakonzekera, amene amangojambulitsa chithunzi nabwerera; koma kwa amene wawerenga kapena wawerengeredwa, malo amamukakamiza kuyankha. Motero aphunzitsi atatuwa ali ndi ndondomeko yao: tiyambe ndi buku, tipite pa malo, ndipo pobwerako tiweruze kanema.

Tipereke mapempho anai kwa abale athu ansembe ndi aseminale. Choyamba, wina mwa ife amene ali ndi mphatso ya chilankhulo alembe m'Chichewa kabuku ka mbiriyi, kotsika mtengo, kosabisa Nguludi ndiponso kosabisa lipoti la 1916. Chachiwiri, parishi imene ikonza ulendo ipite ku Nguludi ndi ku Mbombwe tsiku limodzi, ndipo ku Mbombwe ilole eni ake kulankhula. Chachitatu, Luntha TV ya ku Balaka, imene inayambitsidwa ndi chipani chomwecho cha Montfort chimene nyumba yake inapsa, ili pa malo abwino kuposa wina aliyense kupanga kanema wa nkhaniyi mothandizana ndi a Providence Industrial Mission. Ndipo aseminale akakhala pa tchuthi angathe kujambula mau a nkhalamba za ku Ndirande ndi ku Bangwe zimene zinagwirapo thangata kapena zinamva kwa makolo ao, monga anachitira ophunzira a Page, nthawi isanathe. Chachinai, pa 2 Novembala, pamene tiwerenga maina a akufa athu, tionjezepo awo amene tingathe kuwatchula ndi ntchito zao zokha: mlonda wa ku Mandala, mlonda wa ku Nguludi, wantchito wa ku Mwanje, ogwira thangata a ku Magomero, ndi amtengatenga amene sanabwerere. Parishi ya ku Ndirande ija inayamba kutero chaka chomwecho, ndipo amene anawerenga mndandandawo pa Misa anali mwana wa mlonda wa ku Limbe uja.